Tsiku Limene Jolene Anachotsa Kabokosi Koyera

Ntchito ya Jolene Rautio inkayamba iye asanafike n'kuntchito komwe. Kudzutsa mwana, kumusintha thewera, kumunyengerera phala, kumuveka majekete awiri mpaka aoneke ngati mtolo, kupala madzi oundana pagalasi la galimoto ndi chivundikiro cha poto chifukwa chopalira chinathyoka kalekale, kukamusiya kwa mayi wolera ana, ndiyeno kuthamangira kumtunda kwa tauni yathu, kumene kuli nyumba yosungira okalamba. Akafika kumeneko n'kuyambanso zina: kutsegula makatani, kutereka khofi, kuthirira maluwa amene achibale amabweretsa n'kuiwala, kukankha zikuku kupita nazo kodyera, kusakira uyu mano ake oikirira, uyo magalasi, kuwerengera nyuzi anthu amene maso anawathawa, kuleretsa ndewu ya rimoti. Papepala udindo wake unali wothandiza pa zosangalatsa. Koma munthu amene sukulu anaisiyira panjira, ntchito iliyonse yopanda mwini imamupeza yokha.

Sukuluyo anaisiya chaka chomaliza, mimba itaoneka. Bambo wa mwanayo anapita ku zitsime za mafuta kudera lakutali la Dakota, ndipo foni yake inayamba kumangolira osayankhidwa, mpaka inasiya n'kulira komwe. Jolene sankadandaula pagulu. Anali mkazi wa manja, wosakonda kukambirana chinthu kawiri. Pakhomo pake chinthu chikatha ntchito chinkatuluka tsiku lomwelo.

Pa ntchito zonsezo, imodzi yokha ndi imene inkamupumitsa: masewera a Lachitatu masana. M'chipinda chochezera munali kabokosi koyera kolumikiza ku TV, kakale, kosanduka chikasu m'mbali ngati dzino la munthu wosuta. Anakasiya mdzukulu wa mayi wina amene anamwalira kale. Kanali ndi kandodo konga rimoti, komangirira pamkono ndi chingwe. Ukakagwira n'kuponya mkono, mpira wa pa TV unkagubuduzika n'kukagwetsa mabotolo oimikidwa kumapeto, kapena kuterereka n'kugwera m'ngalande ya m'mbali. Basi, gemu yake inali yomweyo. Ankasewera anayi anayi, mosinthana, ena ataimirira, ena ali pachikuku. Ndipo poti aliyense ankadikira nthawi yake, pakamwa sipankakhala ulesi.

Aliyense anali ndi kachidole kake m'kabokosimo, kamutu waukulu, kodzipangira yekha kapena kopangiridwa ndi anzake mwachipongwe. Kabokosiko kanalinso ndi khalidwe lake. Tizidole ta anthu amene sakusewera tinkaoneka kumbuyo, tikuyendayenda, tikuonerera. Panalibe amene anafufutapo kachidole ka mnzake. Choncho pakati pa oonererawo panali ndi akufa omwe.

A Arvo Lahti anakumba chitsulo m'migodi moyo wawo wonse, ndipo m'nyumbamo analowa limodzi ndi akazi awo, a Helmi. A Helmi atamwalira, a Arvo anadzitsekera m'chipinda. Ankadya atayang'ana khoma, ndevu zikukula, miyendo ikutupa. Namwino ananena mosabisa kuti munthu wa msinkhu wawo akasiya kuyenda, bedi limamumeza. Mwana wawo wamkazi wa mumzinda waukulu wa Minneapolis naye ananena zake: zikapitirira chonchi awatenga, akawaike kunyumba ya odwala ya mumzinda. Kumeneko kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti padziko panali Helmi.

Anawatulutsa ndi a Dolores Kowalczyk, mayi wa pakamwa pakuthwa amene kale ankaphikira ana kusukulu. Tsiku lina timu yawo inaperewera munthu, ndiye anakagogoda ndi ndodo yawo yoyendera mpaka a Arvo anatsegula kuti phokoso lithe. Atawaimika pamaso pa TV, a Arvo anaponya mpira mosafuna. Kenako anauma. Kumbuyo, pakati pa oonerera, panali kachidole ka tsitsi lofiira ndi magalasi aakulu, kakugwedeza mutu. Anali a Helmi.

Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse a Arvo ankameta, kuvala malaya osita, n'kuyenda okha kolido yonse kukafika kuchipinda chochezera. Ndipo poti miyendo siidzuka Lachitatu itagona sabata yonse, masiku enawo ankayendanso, pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma. Kolido imeneyo ndi imene inkawatchinga ku Minneapolis. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezi, Jolene yemwe.

“A Arvo, akazi anu akukuonani, musatichititse manyazi,” a Dolores ankatero.

“Ameneyo wandionapo ndikuphonya zazikulu kuposa izi.”

“A Vern, nthawi yanu! Tione ngati lero mpira uyende pamsewu ngati wa anthu.”

A Vern Halvorsen, amene kachidole kawo kanali ndi mphuno ngati mbatata chifukwa anakapanga ndi a Dolores, ankadzuka pang'onopang'ono akukonza lamba. “Ngalande ija inandizolowera, mayi. Ndikapanda kupitako idandaula.”

“Ndiye kaipatseni moni.”

Mpira n'kupitadi m'ngalande, chipinda chonse n'kufa ndi phwete, mpaka namwino kusuzumira kuti aone ngati wina watsamwa.

Chisanu chili pakati, mkulu wa zosangalatsa anapuma pantchito, mpando wake n'kukhala wopanda munthu. Mayi Sundberg, oyang'anira nyumbayo, anatumiza Jolene ku msonkhano wa osamalira okalamba ku Duluth chifukwa panalibe wina woti apite. Jolene ankaufuna mpandowo. Ankadziwanso kuti mapepala a sukulu alibe, ndipo ena amene adzafunsire adzabwera nawo m'mafayilo. Iye anayenera kubwera ndi chinthu chooneka ndi maso.

Anachipeza. Bambo wina wa suti ankaonetsa makina atsopano a masewera, akuda, osalala, okhala ndi diso la kamera pamwamba. Panalibe kandodo, panalibe chingwe. Diso lija linkaona thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Jolene atakweza dzanja, munthu wa pa TV, wooneka ngati munthu weniweni, anakweza dzanja. Atapinda chala, nayenso anapinda.

“Mayi, musavutike n'kuganiza,” anatero wogulitsayo. “Chimene chinagulitsa timabokosi takale tija ndi chimodzi basi: anthu anakonda kusewera ndi thupi m'malo mokanikiza mabatani. Ife tangotenga chomwecho n'kuchikulitsa. Kaja kankamva mkono umodzi. Awa amamva munthu yense.”

Mawu amenewo analowa mwa Jolene ngati madzi mumchenga. Maganizo ake anali achidule: ngati kuponya mkono umodzi kwadzutsa a Arvo pabedi, nanga thupi lonse? Sanafunse kuti gemu yake amasewera anthu angati, kapena kuti osasewerawo amakhala akutani. Anaponya mpira kamodzi, mabotolo onse anagwa, mtima wake n'kukhala pansi.

Mayi Sundberg sanavute. Panali thandizo lina la ndalama limene linkadikira ntchito yonga imeneyi, ndipo anakondwa kuona mtsikana wobwera ndi nzeru m'malo mwa madandaulo. Koma Jolene atalengeza pa khofi wa masana, a Dolores anaika kapu pansi.

“Kakale kaja kalakwa chiyani?”

“Sikanalakwe, mayi, kangotha nthawi. Atsopanowa amaona ngakhale chala chanu.”

“Chala changa ndimachiona ndekha. Mwanawe, iwe ukuganiza kuti timabwera muno kudzaponya mkono? Mkono ndimauponya m'chipinda mwanga ndikamalimbana ndi bulauzi.”

Onse anaseka, Jolene nayenso anaseka, koma khutu linali litatseka kale. A Arvo anadikira kuti anthu amwazike. Anamuyandikira akusonkhanitsa makapu, n'kulankhula ngati munthu wofunsa njira.

“Mtsikana, m'makina atsopanowo, anzathu aja akhalamo?”

“Muli anthu ambirimbiri, bambo, ooneka bwino kuposa tizidole tija. Mudzaona nokha.”

Anadziwa chimene ankafunsa. Anangosankha kuyankha china, chifukwa makapu anali ambiri ndipo nthawi yokatenga mwana inali itayandikira.

Masiku amenewo Jolene anali atangoletsa mwana wake botolo la mkaka. Anayesa kulibisa, mwana n'kulipeza. Anayesa kumunyengerera, osatheka. Tsiku limene analitaya m'bini, mwana analira mpaka kusasa mawu, kenako anaiwala n'kuyamba kumwera m'kapu. Phunziro limene mayi ake anatolapo linali lakuti munthu sasiya chakale chikadali m'nyumba. Ndipo okalamba, anatero mumtima, ndi ana omwe. Iye akasiya kabokosi koyera pashelefu, makina atsopano adzangokhala chokongoletsa, ndipo Mayi Sundberg adzaona kuti anamvera munthu wopanda mutu. Choncho makina akuda atafika, Jolene anazula kabokosiko, n'kukakulunga ndi zingwe zake ndi tindodo take m'jumbo, n'kukakasiya ku sitolo ya kaunjika ya tchalitchi, pafupi ndi positi. Sanauze munthu.

Lachitatu loyamba linali la chikondwerero. Mayi Sundberg anagula keke, wojambula wa nyuzi ya m'tauni anabwera. TV itayaka panaoneka bwalo lonyezimira, nyali zamitundumitundu, nyimbo ikugunda. Okalamba anati, “Eee!”

Koma diso lija linali ndi malamulo ake. Linkafuna munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo wina akadutsa kapena kungokanda mutu kumbuyo, linkasokonezeka. Ndiye Jolene anamata tepi pansi n'kukankhira mipando ndi zikuku zonse kukhoma. Wosewera ankaima yekha pakati pa chipinda ngati woimbidwa mlandu. Matimu munalibe, kusinthana munalibe. Gemuyo inapangidwa kuti munthu aziponya yekha mpaka amalize, mawu a mkazi wa m'makinamo akumuyamikira.

Anayamba ndi a Vern. Anaponya, mabotolo onse pansi.

“Mwachita bwino kwambiri!” anatero makina.

A Vern anatembenuka nkhope ikuwala. “Mwaona? Zaka zonsezi mwandinena, vuto linali kandodo kaja!”

Anaponyanso, onse pansi. Anaima kaye, akuyang'ana dzanja lawo. Kenako anaponya mwadala chammbali, molunjika ngalande yeniyeni. Mpira unakhota wokha pakati panjira n'kukagwetsa mabotolo.

“Mwachita bwino kwambiri!”

A Vern anatsitsa mkono. “Chinthuchi chikundinamiza,” anatero motsitsa mawu. “Chikundiyesa mwana.”

“Chidiso chimenechi chakukondani, mukachifunsire!” a Dolores anafuula ali kukhoma. Koma anali patali, nthabwala inafika itazizira. Dzina lokha ndi limene linakhala. Kuyambira tsiku limenelo makinawo anali Chidiso.

A Arvo anabwera atameta, malaya atasita. Anaima patepi, koma mabotolo sanawayang'ane. Maso awo anapita kwa oonerera: anyamata ndi atsikana a mano oyera, okongola ngati a pakalendala, akuwomba m'manja onse nthawi imodzi. Anawayang'ana mmodzimmodzi mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

“Kwezani dzanja kuti tiyambe,” anatero makina.

“Kabokosi kathu kali kuti, mtsikana?”

“Kanapita, bambo. Tayesani awa kaye.”

“Kanapita kuti?”

Wojambula anali atakweza kale kamera. Jolene anawagwira chigongono mofatsa n'kuwakwezera mkono. Chithunzi chimenecho ndi chimene chinatuluka m'nyuzi: mtsikana akumwetulira, nkhalamba itakweza dzanja. Amene sanalipo anati n'chokongola. Mwezi usanathe, mpando uja anamupatsa Jolene.

Lachitatu lotsatira anabwera theka. Linalo a Vern anati bondo lawo silikufuna. A Dolores ankabwerabe, koma ndi zoluka zawo, n'kukhala chofulatira TV.

“Mayi, simuponyako?” Jolene anawafunsa.

“Ndiponyerenji? Chandiuza kale kuti ndachita bwino ndisanadzuke n'komwe. Mwanawe, bweretsa kakale kaja pa Lachitatu pokha, Chidiso chako chizikhala masiku enawo.”

“Ndinakapereka ku kaunjika.”

Singano za a Dolores zinaima. “Ndi anthu onse aja ali mkati?”

“Ndi tizidole chabe, mayi. Muzolowera.”

A Dolores anabwerera ku zoluka zawo.

A Arvo sanatulukenso. Jolene anaumirira, poti mwana uja analira kenako anaiwala. Anamata zikwangwani m'kolido, analonjeza chokoleti kwa wopambana. Koma mphoto umupatsa ndani pamene aliyense wagwetsa onse? Linafika Lachitatu lina limene anasanja mipando, kutereka khofi, kuyatsa makina, n'kukhala yekha. Chipale chofewa cha m'chisanu chinkagwa pawindo mwakachetechete. Kutali m'kolido TV ya munthu wina inkanena za nyengo. Atadzuka kuti akazime khofi, Chidiso chinamuona.

“Takulandirani! Kwezani dzanja kuti tiyambe.”

Masana onsewo amene anamulankhula anali ameneyo.

Madzulo namwino anamupeza akutsuka makapu osamweramo. Anamuuza kuti miyendo ya a Arvo yatupanso, mbale zikubwerera zodzaza, ndipo iye wayimbira kale mwana wawo chifukwa lamulo limatero. Jolene anapukuta manja n'kupita kukagogoda. Anawapeza atakhala pafupi ndi windo, ndevu zitayamba kumera ngati udzu wa pamanda.

“Bambo, ndabwera kudzakutengani. Tingoyenda kolido yokha.”

“Kupita kuti?”

“Kuchipinda chochezera.”

“Kuli ndani?”



“Sindine wamisala, mtsikana,” a Arvo anatero, maso ali panja. “Ndikudziwa kuti chinali chidole. Helmi ali kumanda kuseri kwa njanji, ndinamuika ndekha. Koma kumanda kuja sagwedeza mutu ndikaphonya.”

Mawa lake, nthawi ya chakudya cha masana, Jolene anathamangira ku kaunjika. Anapeza mayi wina wa juzi ya maluwa akupachika makhoti, n'kumufunsa za kabokosi kaja.

“Koyera kaja? Kanapita tsiku lomwelo. Timabokosi timeneto anthu amatilimbirana, simungakhulupirire. Anagula bambo wina wongodutsa.”

“Dzina lake simukulidziwa? Ngakhale galimoto yake?”

“Ngakhale mutamupeza, mayi, sizikuthandizani. Chilichonse chamagetsi timayamba tafufuta zonse za mkati tisanagulitse. Ndi lamulo lathu, timateteza eni ake.” Ananena monyadira, ngati munthu wodziwa ntchito yake.

Jolene anakhala m'galimoto manja ali pachiwongolero, injini ikulira. Anatulutsa foni, anayang'ana mayina, n'kuibwezera m'thumba. Panalibe woti amuuze.

Koma mkazi wa manja salira nthawi yaitali. Anasaka pa intaneti mpaka anapeza kabokosi kena konga komweko kwa mayi wina wa tauni yoyandikana nayo. Loweruka anamangirira mwana kumpando wakumbuyo n'kukakatenga. Lolemba anapita kwa a Dolores mutu uli pansi, ndipo a Dolores sanamunyoze. Anakhala awiriwo n'kupanga kachidole katsopano.

“Tsitsi lofiira,” a Dolores ankatero. “Ayi, lofiira kwambiri. Magalasi akulitse. Nsidze zitsike pang'ono, Helmi ankaoneka ngati nthawi zonse wakugwira ukuba shuga.”

Atamaliza anaika TV patebulo la mateyala n'kulikankhira m'chipinda cha a Arvo. Jolene anayatsa. Kachidole kanaima pakati pa TV, kakuphethira.

A Arvo anakayang'ana nthawi yaitali.

“Mwayesetsa,” anatero. “Koma si iye.”

“Tsitsi ndi lomwelo, bambo. Magalasi ndi omwewo.”

“Helmi analibe tsitsi lofiira. Moyo wake wonse linali lotuwa ngati ubweya wa mbewa, ndipo ankadana nalo. Tsiku limene ankapanga kachidole kaja anasankha lofiira yekha, n'kundifunsa, ‘Arvo, landikhala?’ Ine ndinati ukuoneka ngati tambala. Anandimenya ndi kandodo paphewa apa.” Anagwira paphewapo. “Kaja anakapanga ndi manja ake. Aka mwapanga inu.”

A Dolores anatenga ndodo yawo n'kutuluka. Jolene anazimitsa TV n'kuikankha kubwerera nayo.

Chipale chitayamba kusungunuka, a Arvo anagwa m'chipinda mwawo pofuna kupita kubafa. Fupa silinathyoke, koma miyendo inali itaiwala ntchito yake. Mwana wawo anabwera ndi galimoto yaikulu Loweruka m'mawa, n'kulongedza moyo wa bambo ake m'makatoni ochepa. Anali mayi waulemu, wotopa, ndipo anathokoza aliyense, Jolene yemwe, chifukwa chithunzi cha m'nyuzi anali atachiona. Jolene ndi amene anakankha chikuku. Pakhomo panali a Vern atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, ndi a Dolores atatsamira ndodo.

“Mukatiyimbire, nkhalamba inu,” a Dolores anatero. “Mukapanda kutero ndidzabwera kudzagogoda konko.”

“Kumeneko kuli alonda, sakulolani ndi pakamwa panupo.”

A Vern anangowagwira dzanja osalisiya, mpaka mwana wa a Arvo uja anatsokomola.

Powathandiza kulowa m'galimoto, Jolene anawerama. “Bambo, ndinalakwa.”

“Unkafuna zabwino, mtsikana, ndikudziwa,” a Arvo anatero. “Tseka chitseko, mphepo ikulowa.”

Anatseka. Galimoto inatsetsereka kumunsi, matayala akumwaza matope.

Mtengo wa makina aja suvuta kuudziwa, uli papepala mu ofesi ya Mayi Sundberg, ndipo sunachoke m'thumba la munthu aliyense. Mtengo winawo ndi uwu. A Arvo ali mumzinda, m'chipinda cham'mwamba choyang'ana malo oimika magalimoto, ndipo sanayimbepo. Mwana wawo akuti amadya pang'ono, salankhula. Kabokosi kachiwiri kalipo, kamagwira ntchito bwinobwino, koma a Vern sanakagwirepo. Amati sakudziwanso ngati mpira umapita kumene iwo auponya, ndipo munthu sangasewere ndi chinthu chimene sachikhulupirira. A Dolores amaponya ndi amayi awiri obwera kumene, amene sadziwa nthabwala za ngalande. Pa TV, kumbuyo kwa osewera, oonerera akale aja kulibe. Si a Helmi okha amene anapita m'jumbo muja. Anapitamo onse amene anasewerapo m'chipindacho n'kutsogola, ndi mphuno zawo zopangidwa mwachipongwe, ndipo palibe amene akukumbukira mayina awo onse. Chidiso chili m'chipinda chosungira katundu, atachifunditsa thaulo, chifukwa anamwino anatopa nacho chikuwalandira akamadutsa.

Jolene mpando anaupeza, ndi makiyi a kabati, ndi dzina lake pachitseko. Okalamba amamupatsa moni mwaulemu. A Dolores, amene kale ankamuti mwanawe, tsopano amati Mayi Rautio. Chakudya chake cha masana amadyera m'galimoto.

Makina aja sananame pa zimene analonjeza. Chala ankachionadi. Chimene analibe ndi chimene chinali m'kabokosi konyansa kaja: kudikira nthawi yako mnzako akukunena, kuphonya pamaso pa anthu okudziwa, ndi malo oti ngakhale amene anapita aimepo. Jolene anaona kunyezimira kwa kunja, n'kuthyola osang'amba kuti aone zamkati. Akuluakulu ananena kale: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.